Msungamoto wa pa Manda a Dorothy

Al Warqa, Dubai
Mwezi wa Seputembala

Okondedwa achimwene a Maxon,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo pathu pa Chisi. Kodi muli bwanji? Nanga bondo lija lasiya kutupa, kapena mukungolikoka monga mwa masiku onse n'kumanena kuti chipatala n'cha anthu aulesi? Amayi ali bwanji ndi chifuwa chawo chija? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga.

Musadabwe kuti ndalemba papepala pomwe foni ilipo. Nkhani iyi si ya pa foni. Kwanuko kuti mumve bwino mpaka mukwere pachulu, ndipo mukakwera pachulupo mudzi wonse umamva zomwe mukuyankha. Kalatayi ndapatsira Mwanajuma, mnzanga wa ku Chinamwali amene akubwera ku holide, ndipo walonjeza kuti akafika nayo yekha pa doko la Kachulu. Muyambe mwawerenga muli nokha, kenako muwawerengere amayi pang'onopang'ono.

Za kuno ndi zomwe zija. Kutentha kwa mwezi uno ndi kwina, achimwene. Ukangotsegula chitseko mpweya umakumenya ngati wa m'bafa ya madzi otentha, foni mpaka kuchita nkhungu. Tikungobindikira m'nyumba ndi eyakoni, makina oziziritsa aja, ana a madamu atopa nazo ndipo akutopetsa ine. Wamng'ono uja waphunzira kuluma. Madamu akuti ndi mano akumera, inshallah asiya. Ine ndimati mano a mwana wamkulu chonchi anamera kalekale, koma ndimanena chamumtima. Manja anga anasweka ndi mankhwala otsukira matailosi, ndagula mafuta ndipo akupola.

Panyumba pano pali mitengo ya tende, yonga kanjedza yobala zipatso zotsekemera, ndi timaluwa, uliwonse uli ndi kapaipi kake kodontheza madzi patsinde. Kapaipi kakatsekeka mtengo umafota sabata yomweyo, ndipo bwana amakalipa ngati kwagwa maliro. Ndatchula dala za mitengo, chifukwa chomwe chandilembetsa kalatayi ndi mtengo. Mtima wanga ukuwira mpaka pano.

Mukuwakumbuka a Rajabu, bambo a ku Jali aja ndinakuuzani kuti amayendetsa galimoto ya pa hotela? Sabata yathayi ku hotela kwawoko kunali msonkhano wa anthu ophunzira za mitengo yomwe ikutha padziko. Anthu achuma a kuno amathandiza ntchito imeneyo, amakonda kusunga mitengo ya kutali m'nyumba zagalasi. A Rajabu atatumidwa kukatenga mlendo ku bwalo la ndege, anangomva mlendoyo akuyankha foni m'Chichewa. Anali mayi a ku Zomba, dzina lawo a Florah, dokotala, koma osati wa anthu ayi, wa mitengo. Pocheza m'galimoto anatchula kuti ntchito yawo akugwira pa Chisi. A Rajabu anati ife kuno tili naye mwana wa pa Chisi weniweni, ndipo anawaitana kuti Lamulungu abwere ku paki ya ku Al Twar, komwe Amalawi timakumana tikakhala pa ofu.

Anabweradi, dzuwa litapepa. Mayi wabwino, wosadzimva, anakhala nafe pamkeka n'kumadya mandasi a Mwanajuma. Atamva kuti wa pa Chisi uja ndine, anandigwira dzanja ngati m'bale wawo, n'kutulutsa foni kuti andionetse chomwe apeza kwathu. Anati ndi mtengo umene sunalembedwepo m'buku lililonse padziko lonse. Nditayang'ana, kuseka kunandigwira. Msungamoto! Masamba aja a ubweya wofiirira kunsi, khungwa lakuda long'ambikang'ambika. Iwo anaseka nane, anati akudziwa kuti kwa eni chilumba si wachilendo, wachilendo ndi kwa mabuku basi, ndipo dzina lathuli analimva kale kwa anthu.

Ndinanyadira, ndisaname. Anzanga a ku Mangochi amene amandiseka kuti kwathu ndi kumatope ndinawayang'ana mmodzimmodzi.

Kenako chala cha a Florah chinapitirira pa chithunzi china. Achimwene, mandasi ndinawaika pansi. Grey! Grey yemweyo, mwamuna wa malemu mng'ono wathu Dorothy. Ataima m'phiri, dzanja atakoleka pa msungamoto ngati wagwira phewa la mnzake, chipewa cha alendo kumutu, mano onse panja. Ndipo wanenepa, mpaka khosi kusowa. Ndinafunsa kuti bambo awa ndani, ngati kuti sindikuwadziwa. A Florah anati amenewa ndiye maso awo, ndi amene anawalondolera pomwe pali mitengo yotsala, munthu wokonda chilengedwe kwambiri.

Wokonda chilengedwe! Asa! Kodi si Grey yemweyu anamaliza misungamoto ya m'munsi mwa phiri powambira milamba, chifukwa nkhuni zake zimakhalitsa moto? Si inu nomwe munkakangana naye kuti asiyeko ina? Akudziwa pomwe pali mtengo uliwonse chifukwa pambali pake anasiyapo chitsa. Fisi amadziwa makola onse a m'mudzi, koma sitimutcha mbusa. Ndinati ndimve kaye zonse ndisanatsegule pakamwa pangapa.

Ndikufotokozereni monga anandifotokozera, chifukwa apa ndi pomwe pagona nkhani. Akuti mtengo saupatsa dzina chifukwa chongouona ndi maso. Amathyola kanthambi, kukapana m'manyuzipepala mpaka kaume, n'kukafananitsa ndi tinthambi tina tambirimbiri tosungidwa m'makabati ku Zomba ndi kunja. Amayang'ana tsamba, duwa, chipatso, mpaka kuyeza zam'kati mwake monga amayezera magazi a mwana pofuna kudziwa bambo wake. Poyezapo apeza kuti msungamoto ndi wa ku banja la msumwa. Koma akuti abale ake apafupi sali kumtunda kwathu ayi, ali pa zilumba za m'nyanja yamchere, kutali kwambiri. Mmene unafikira pa Chisi iwonso sakudziwa. Ena mwa iwo akuti mbalame, ena akuti ndi wotsala wa nkhalango yakalekale.

Dzina la m'mabuku akuti limakhala pawiri, m'Chilatini. Loyamba ndi la mtundu, ngati chiwongo, limenelo sasankha, mtengo umabadwa nalo. Lachiwiri ndi lakelake, ndipo amasankha ndi amene akulembawo. Akhoza kutchula malo, akhoza kutchula maonekedwe, akhozanso kulemekeza munthu. Ndiye iwo ndi anzawo, pofuna kuthokoza, agwirizana kuti alemekeze Grey.

Mwamva, achimwene? Bwerezaninso mzere umenewo. Grey alowe m'mabuku a dziko lonse, azungu azipinda lilime potchula dzina lake. Sizinathere pomwepo. Achuma a kuno avomera kumanga mpanda kuzungulira pomwe pali mitengoyo, kuimika chikwangwani, ndi kulemba mlonda woti azilandira alendo n'kumawafotokozera. Ntchito imeneyonso akuti ndi ya Grey, ndi yunifolomu yomwe.

Koma Mulungu sagona. Pali chomwe chawaimitsa. Akuti mitengo ya banja limeneli ilipo yaimuna ndi yaikazi, ndipo yaimuna imachita maluwa koma sibala. Yonse yomwe aipeza kuphiri ndi yaimuna yokhayokha. Popanda duwa ndi chipatso cha waukazi sangamalize kulemba, sangatsimikizenso kuti ndi mtundu wapawokhadi. Waukazi akuti watsala umodzi pachilumba chonse. Grey wawauza komwe uli, ndipo wati asade nkhawa, uli pa manda a kuchikazi kwake, iye ndi mwana wa pakhomopo, akangolankhula ndi alamu ake zonse zitheka. Pano akungodikira mvula yoyamba kuti mtengo uchite maluwa.

Mwana wa pakhomo! Pakhomo pa yani? Inu mukuudziwa mtengo umenewo. Ndi uja tinaika Dorothy patsinde pake, adzukulu mpaka kudandaula ndi mizu. Unapulumuka nkhwangwa ya Grey chifukwa choti kumanda sadulako mtengo, ndipo zipatso zake ngakhale ana satola.

Ndati ngakhale ana, koma mmodzi anatolapo. Mukukumbuka? Dorothy ali wamng'ono anazemba n'kukadya zipatso zake, anabwera milomo ili bii, amayi anamukwapula mpaka ife kulira m'malo mwake. Iye atapukuta misozi anatinong'oneza kuti zimayamba kutsekemera kenako zimamanga mkamwa, ndipo tonse tinaseka mpaka amayi omwe. N'chifukwa chake tsiku lija amayi anati agone pa mtengo wake uja. A Florah anandifunsa ngati alipo amene akudziwa kukoma kwa chipatsocho. Ndinayankha kuti analipo mmodzi, ndipo sindinapitirize.

Tsono mverani ichi, chomwe chinandimaliza. Akuti pa tinthambi tonse amasankha kamodzi kokhala mboni ya dzinalo. Amakamata papepala lolimba, kulembapo dzina ndi malo, n'kukasunga mpaka kalekale. Aliyense wokayika za mtengowo, ngakhale adzukulu a adzukulu athu, amakayang'ana komweko. Iwo akufuna kanthambi kameneko kachokere pa waukazi. Ndiye kuti nthambi yomwe mizu yake yadya mng'ono wanga ikagone m'kabati itanyamula dzina la Grey. Ndili moyo ine, zimenezo ayi.

Ndikudziwa kuti zonse mukuzidziwa, koma inu mumaiwala msanga, ndiye ndikukumbutseni. Chaka chija Chilwa inauma, maboti anagona pamatope, galimoto sinkafika. Zomwe zinkadutsa ndi njinga zamoto zokha, pa kanjira kouma kozungulira. Dorothy anali ndi pakati pa mwana wachiwiri, miyendo itatupa, ndipo anamwino anali atanena kuti zikangoyamba asachedwe, athamangire naye ku Zomba. Njinga yamoto m'mudzi mwathu inalipo imodzi, yogulidwa ndi mpunga wa m'munda mwa amayi. Grey anaitenga kuti akutsata nsomba kutsidya, pomwe tonse tinkadziwa kuti nsomba yakeyo imavala chitenje.

Tinamuimbira, foni inkangoitana. Tinamunyamula Dorothy pa machira, inu kutsogolo, ine ndi amalume kumbuyo, n'kudula njira yachidule ya m'matope. Dzuwa lili pamutu, matope akutimeza mpaka m'mawondo. Bondo lanulo linayambira pamenepo, ngati mwaiwala lifunseni. Anatisiya pakati pa nyanja youma, iye ndi mwana wam'mimba yemwe, ndipo mawu ake omaliza anali ofunsa ngati Grey wayankha.

Mkuluyo anafika tsiku loika, anthu atanyamuka kale pasiwa. Polowera kumanda anaima, akuti mutu ukumuzungulira, sangathe kulowa. Dothi sanaponye. Tsiku lometa lisanafike anali atazemba, osasudzulidwa, ndipo mvula isanagwe tinamva kuti walowa nyumba ina ku Kachulu. Rosta, mwana wake yemwe, wakulira m'manja mwanu ndi mwa alamu, ngakhale pensulo ya bambo ake sakuidziwa. Ine ndinabwera kuno kudzalera ana a eni kuti mwana ameneyo asasiye sukulu.

Koma chomwe chimandiwawa koposa ndi ichi. Kuyambira tsiku lija dzina la Dorothy silinatulukepo pakamwa pake. Akamakamba amati uja wa pa Chisi, kapena mayi a mwana uja. Munandiuza ndinu, ndipo ena a pa Kachulu anandiuzanso chimodzimodzi. Anamufufuta ngati sanakhaleko. Lero mutu wasiya kuzungulira eti? Manda omwe anakana kulowa ndi dothi m'manja, akufuna kulowamo ndi makwerero ndi chodulira?

Ndisakubisireni, maganizo oyamba amene anandibwerera m'basi pobwerera ku Al Warqa anali oipa. Ndinati ndiwauze achimwene akausende khungwa mtengowo kuzungulira tsinde, uume, Grey atchedwe dzina la chitsa, popeza zitsa ndiye zake. Ndinafika poyamba kulemba meseji. Koma mmawa wake, ndikutokosa kapaipi kotsekeka pa tende wa bwana, ndinadzifunsa kuti kodi ndikufuna kupha yani. Mthunzi wa Dorothy ndi womwewo. Amayi angafe nacho chisoni, ndipo mlandu wowononga mtengo wa kumanda ungagwere inu. Grey angangopukusa mutu pamaso pa alendo n'kumati mwaona umbuli wa anthu a kuno. Ayi, chimenecho ndi chilango chopepuka, ndiponso chogwera ife. Meseji ija ndinafufuta.

Masana a tsiku lomwelo, ana ali kusukulu ndipo madamu atapita kokagula zinthu, ndinawaimbira a Florah asananyamuke. Ndinawafunsa mafunso ngati mwana wa sukulu. Ndinafunsa ngati dzina likalembedwa lingasinthidwe. Anati lisanasindikizidwe likhoza, koma likangotuluka m'buku ndiye kwatha, khalas, monga amanenera kuno. Ngakhale munthuyo adzapezeke kuti ndi wakuba, dzina limakhalabe pamtengo, mwambo wawo ndi wotero. Ndinafunsa ngati womwalira angatchulidwe. Anati kwambiri, ambiri ndi otero. Ndinafunsa za mkazi amene sanapite patali ndi sukulu. Anati sukulu sawerengera.

Pamenepo ndinawauza zonse, kuyambira njinga yamoto mpaka polowera kumanda. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anapepesa, anati sankadziwa. Koma sanandinyengerere ndi bodza, ndipo pa chimenecho ndawapatsa ulemu. Anati iwo si ankhoswe, za m'banja sangaweruze. Grey anawathandizadi, anakwera nawo mapiri, ndipo mawu anamupatsa kale. Komanso salemba okha, ali ndi anzawo oti agwirizane nawo.

Chimodzi chokha anatsimikiza. Kumanda salowa mwakuba kapena mokakamiza. Popanda chilolezo cha eni manda ndi amfumu sakhudza ngakhale tsamba lothothoka. Ndipo eni manda akaika mawu awo, iwo adzawatenga mmene alili kupita nawo kwa anzawo aja.

Nanga eni manda ndani, achimwene? Mwini mbumba ndinu. Nkhoswe ya ukwati uja munalinso inu, ndipo ndinu amene munamulandira Grey pakhomo n'kumulozera pomanga nyumba.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Grey abwera, mwinanso wabwera kale. Ndikumuona ndili kuno, shuga m'jumbo, mutu woweramitsa, alamu alamu, zakale n'zakale, chitukuko chabwera pachilumba. Pakamwa pake mukupadziwa, ndi pomwe paja ananyengera mng'ono wathu. Inunso ndimakudziwani. Munthu akakutchulani kuti bwana mumamupatsa ndi mpando womwe mwakhalira. Ulendo uno limbani, chonde. Musakangane naye, musamutukwane, shuga wakeyo abwerere naye. Mungomuuza kuti nkhani ya manda mudzakamba ndi a dokotala eni ake, pamaso pa amfumu ndi amayi.

A Florah akafika muwalandire bwino, muwaphere ndi nkhuku, alibe chifukwa. Ndiye muwauze mawu awa, osachotsera. Manda ndi otsegula. Maluwa athyole, zipatso zikapsa atole, kanthambi ka mboni adule mwaulemu adzukulu ali pomwepo. Koma mtengo utchedwe Dorothy. Akakana, njira yatsekeka, adikire mbalame zomwe zija ziwabweretsere waukazi wina.

Ine ndikuona kuti sakana. Ntchito yawo yonse yagona pa duwa limenelo, ndipo akaphonya mvula ino ndiye mpaka chaka chamawa. Komanso a Florah ndinawamva kupuma kwawo pa foni paja, nkhaniyi inawalowa. Chachikulu n'chakuti inu musagwedezeke, ndipo musapereke chilolezo dzina lisanamveke pagulu. Grey akayesa kuwalowetsa mozemba, muwauze adzukulu akhale tcheru kuyambira pomwe mitambo yayamba kusonkhana.

Mwina mukuganiza kuti ndikufunanso kuti amulande ntchito ya ulonda ija. Ayi ndithu! Apa ndiye mundimvetsetse, chifukwa ndikudziwa kuti amalume akamva nkhaniyi adzalumpha kuti achotsedwe. Muwakhazike pansi. Wina akanena zomuchotsa, inu mumuikire kumbuyo Grey. Munene kuti palibe wodziwa mitengoyo kuposa iye, ndipo simudzakhala mukunama. Avale yunifolomu yake, chipewa chija asavule.

Ndikufuna aziima pomwe paja anaima tsiku la maliro, polowera kumanda, popeza waukazi uli kumeneko ndipo alendo azidzafuna kuuona. Ana a sukulu akabwera ndi makope, alendo akabwera ndi makamera, funso loyamba lidzakhala lakuti mtengowu dzina lake ndani. Ayankhe. Lachiwiri lidzakhala lakuti Dorothy ameneyu anali ndani, nanga anamwalira bwanji. Ayankhenso. Akanama, Chisi n'chaching'ono, mwini boti adzawongola pobwerera ku Kachulu. Akafuna kudya, atchule Dorothy. Akafuna sopo wa mkazi wake uja, atchule Dorothy. Mmawa Dorothy, masana Dorothy, mpaka mano aja ndinawaona pachithunzi agweluke onse. Akatopa n'kusiya ntchito, asiye yekha, chikwangwani chidzatsala pomwepo ndipo aziwerenga podutsa.

Akuluakulu anati mlandu suola. Ine ndinkayesa kuti wathu unamira m'matope muja, popeza palibe bwalo lomwe limazenga munthu chifukwa chosayankha foni. Sindinadziwe kuti ukukula pang'onopang'ono pa manda pomwepo. Ndimadana naye munthu ameneyu, achimwene, ndipo sindibisa. Abusa a kutchalitchi chathu kuno ndinawauza, anati mlongo khululukani, kubwezera n'kwa Mulungu. Ndinawayankha kuti sindikumumenya, sindikumulodza, ndikumupezera ntchito. Za kukhululuka ndati tidzakambirana chikwangwani chikaima.

Pali china chokhudza amayi. Akhala akudandaula kuti mkamwini wosasudzulidwa ali ngati chingwe chomwe chikumumangabe mwana wawo, ndipo akufuna kuona mwambowo utachitika iwo ali ndi moyo. Muwauze kuti ndavomera. Dzina likangotuluka m'buku, muitanitse akwawo kwa Grey, mumusudzule mwamwambo wake wonse, pasatsale kanthu. Ife timumasule, apite. Mtengo ndi umene sudzamusudzula.

Mwanajuma wanyamulanso kathumba. Muli mafuta opaka bondo lanulo, ndipo mupake ndithu, musawapatse anzanu a mpira. Nsalu yobiriwira ndi ya amayi, yamaluwa ndi ya alamu, nsapato ndi za Rosta. Ngati zamuthina asazikakamize, apatse mnzake, ndidzatumiza zina. Tende ali m'kabokosi mugawane nonse, koma amayi ayambe ndiwo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala a chifuwa asadumphitse. Moni kwa alamu anga, ndikuthokoza chifukwa cholera mwana wa mng'ono wanga ngati wobala okha. Moni kwa amalume, kwa azakhali ndi ana awo onse, ndi kwa adzukulu a kumanda kwathu amene anavutika ndi mizu tsiku lija. A Rajabu akuti moni ngakhale simudziwana.

Rosta mumuuze kuti alimbikire sukulu, makamaka sayansi, chifukwa kuli buku lina lomwe adzafunika kudzaliwerenga yekha. Tsiku lodula kanthambi mupite naye kumanda, avale nsapato zatsopanozo, aime pafupi ndi inu pomwe bambo ake angamuone bwino.

Grey yekha musamupatse moni wanga. Wake adzaupeza pachikwangwani.

Ndine mlongo wanu amene sanaiwale,

Selinah